Mayeso a Mbiri ya Eklesia Woyamba: Cimene Aphunzitsi a mu Lusaka Afuna kwa Ana Athu

Caka ndi caka mipingo ya kumidzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi ituma anyamata ndi atsikana ku Lusaka kukaphunzira maphunziro akuya. Makolo agulitsa nshawa ndi cimanga, ena agulitsa ng'ombe ya pagoli, ndipo nthawi zina mpingo wonse usonkha kuti mwana mmodzi apite. Pakutha pa caka mwanayo abwera ndi pepala lokhala ndi zilembo, A kapena C kapena D, ndipo akulu alitembenuza uku ndi uku osadziwa tanthauzo lace. Codabwitsa coposa ndi ici: mnyamata amene anatsogolera mapemphero a acinyamata kwao, wodziwa mavesi ambiri pamtima, ndiye amene nthawi zina agwa pa phunziro la mbiri ya Eklesia woyamba. Pamenepo ena ayamba kunong'ona kuti aphunzitsi a m'tauni sakhulupirira Mulungu. Owerenga okondedwa, tisanaweruze aphunzitsiwo tiyambe tamva cimene iwo afuna, ndi muyeso umene ayesa nao nchito ya ana athu.

Mu Lusaka muli masukulu angapo kumene aphunzitsa zinthu izi. Ku Chamba Valley kuli Justo Mwale University, imene inayamba mu 1951 ku Madzimoyo monga sukulu ya abusa a Reformed Church in Zambia. Dzina lace ndi la mbusa woyamba wa dziko lino mu mpingo umenewo, amene anadzozedwa mu 1929. Akatolika ali ndi St Dominic's Major Seminary. Pa mseu wa Great East pali University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo kumenekonso aphunzitsa za zipembedzo. Malamulo a masukulu awa asiyana pa zinthu zazing'ono, koma mtima wa phunzirolo ndi umodzi.

Semina ndi bwalo

Ana athu anazolowera kuti mphunzitsi aima patsogolo nalankhula, iwo nalemba. M'zaka zoyamba za yunivesite ziri comweco ndithu. Koma pali mtundu wina wa phunziro wochedwa semina, ndipo m'menemo zinthu zitembenuka. Ophunzira akhala owerengeka, mozungulira, ali yense atawerenga kale kalata kapena mutu wa buku umene mphunzitsi anauchula sabata latha. Mmodzi ayamba kufotokoza cimene anapeza, anzace namufunsa, namutsutsa, mphunzitsi nakhala cete nthawi yaitali, namva. Amene sanawerenge adziwika msanga, pakuti m'cipinda ca anthu khumi mulibe kobisala.

Ife a kumudzi sitiyenera kucita cilendo ndi cimeneci, pakuti cifanana ndi bwalo la mfumu. Pa bwalo munthu sapambana mlandu cifukwa ca kukweza mau, kapena cifukwa cakuti ndi munthu wabwino wokondedwa ndi onse. Nduna zifunsa: Unaona ndi maso ako kodi? Anakuuza ndani? Iyeyo anali kuti tsikulo? Ali pa cibale ndi yani? Mafunso omwewa ndiwo a semina, koma mboni zace ndi anthu amene anafa zaka zoposa 1,600 zapitazo, ndipo atsala ndi makalata ao okha.

Titenge citsanzo cimene ophunzira ambiri akomana naco m'masabata oyamba. Pafupi ndi caka ca 112, munthu wina dzina lace Pliny anali bwanamkubwa wa dziko la Bithynia, kumene lero kuli Turkey. Iye sanali Mkristu. Analembera mfumu yaikulu Trajan kufunsa nzeru, pakuti anthu anali kubwera nao Akristu kwa iye kuti awaweruze. Anafotokoza kuti anawafunsa katatu, nawaopseza, ndipo oumirira anawapha. Amene anali mbadwa za Rome anawalemba kuti atumizidwe kumeneko. Ena anakana Kristu, napereka lubani ndi vinyo pamaso pa fano la mfumu, ndipo ena mwa iwo anati analeka Cikristu zaka 20 zapitazo. Anthu awa ndiwo anamuuza kuti Akristu asonkhana tsiku loikika kusanace, aimbira Kristu nyimbo monga kwa mulungu, nalumbira kusaba, kusacita cigololo ndi kusanama, ndipo pambuyo pace asonkhananso kudya cakudya wamba. Posakhutira, Pliny anazunza akapolo awiri akazi amene anali atumiki a mpingo. Trajan anayankha kuti Akristu asacite kuwasaka, ndi kuti makalata opanda dzina la wolemba asalandiridwe, koma wonenezedwa amene akana kupembedza milungu alangidwe.

Tsono wophunzira wina aimirira nati: Taonani cikhulupiriro ca makolo athu, tiyeni ifenso tilimbike! Mau awa ndi abwino, ndipo pa guwa tsiku la Sabata akadapindula nao anthu. Koma m'semina mphunzitsi alemba malikisi ocepa, pakuti mwanayo sanayankhe kanthu za kalatayo. Wina anena kuti: Zimene Pliny adziwa za mapemphero anazimva kwa anthu amene anali atakana kale, ofuna kupulumutsa moyo wao, cotero mwina anacepetsa zina, komabe mdani amene anafunafuna coipa, nazunza anthu, osapeza mlandu wina koma cipembedzo cokha, ndi mboni yolimba kuti Akristuwo sanali akuba kapena ambanda. Aonjezanso kuti kalatayo itionetsa akazi okhala ndi udindo mu mpingo, ndi kuti Cikristu cinali citafika m'dzikomo zaka 20 kapena kuposa Pliny asanalembe. Uyu ndiye alandira malikisi ambiri. Kapena onse awiri akhulupirira mofanana, kapena woyambayo apemphera koposa. Mphunzitsi sayesa zimenezo, ndipo alibe muyeso woyesera nao.

Cimangirizo

Gawo lalikulu la malikisi a m'kati mwa caka licokera pa cimangirizo, ndico cilembo cacitali ca masamba angapo cimene wophunzira alemba yekha m'masabata awiri kapena atatu. Mphunzitsi apereka funso, ndipo funsolo kawirikawiri liribe yankho limodzi.

Funso lina limene likhudza ife a mu Africa ndi la anthu akugwa. Mu 250 mfumu Decius analamula kuti anthu onse a mu ufumu wace apereke nsembe kwa milungu, ndipo ali yense alandire cikalata ca umboni kuti wapereka. Zikalata zotere zoposa 40 zinapezeka mu mcenga wa ku Egypt, zokhala ndi maina ndi masiku, ndipo ophunzira aziwerenga kufikira lero. Ku Carthage, kumene lero kuli Tunisia, Akristu ambiri anathamangira kukapereka nsembe. Ena sanapereke, koma anagula cikalata ndi ndalama. Ena anakana, naponyedwa m'ndende. Bishopu wao Cyprian anabisala, nalamulira mpingo ndi makalata. Cizunzo citapita, akugwa aja anabwera kudzapempha Mgonero. Amene anazunzika m'ndende anayamba kuwakhululukira okha, osafunsa bishopu. Ku Rome kunali Novatian, amene anati otere asalandiridwenso konse. Msonkhano wa ku Carthage wa mu 251 unapita pakati: ogula cikalata abwezedwe atalapa, koma opereka nsembe adikire kufikira ali pafupi kufa. Cyprian mwini anadulidwa mutu pa 14 September 258.

Mkulu wa mpingo ali yense amene anakhalapo pa mlandu wa Mkristu wodulidwa aona kuti nkhani iyi si yacilendo. Ndico cifukwa cace ophunzira athu aikonda, ndipo ndi pomweponso agwera. Funso likati: Kodi Cyprian anafuna ciani pokana kuti a m'ndende akhululukire anthu okha? mwana wathu alemba masamba asanu a ulaliki wa mwana wolowerera. Mphunzitsi afuna kuti atsegule makalata a Cyprian ndi buku lace la anthu akugwa, aonetse tsamba limene anapezapo ganizo liri lonse, ndipo asabise cinthu cobvuta, cakuti bishopu amene anathawa anali kuweruza anthu amene anatsala, ndi kuti ena a nthawi yace anamdzudzula pa cimeneco. Wophunzira akhoza kumteteza Cyprian kapena kumtsutsa. Zonse ziwiri zikhoza kulandira A. Cimene cilephera ndi ganizo lopanda mboni.

Pano ndinene cinthu cimodzi cimene ndiciyesa cacikulu. Ophunzira ambiri sawerenga Cyprian mwini. Awerenga cidule cimene wina analemba za buku la wina amene anawerenga Cyprian. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Makalata a Cyprian anamasuliridwa m'Cingelezi kale lomwe, ali m'malaibulale ndi pa intaneti pomwe, ndipo ambiri a iwo ndi afupi. Mphunzitsi wozolowera azindikira pa tsamba loyamba ngati mwana anapita yekha ku citsime kapena anamwa madzi ogona mu mtsuko wa mnzace.

Kumva mbali ziwiri

Pali phunziro lina limene liwawa pang'ono, ndilo kuphunzira kufunsa ngakhale anthu amene tiwalemekeza. Eusebius wa ku Caesarea analemba mbiri ya Eklesia m'mabuku 10, ndipo popanda iye makalata ambiri akale akadatayika. Koma iye yemweyo analemba buku lotama mfumu Constantine, cotero wophunzira ayenera kucenjera pamene Eusebius anena za mfumuyo.

Cobvuta coposa ndi mlandu wa otsata Donatus. Mu 303 mfumu Diocletian analamula kuti mabuku opatulika aperekedwe kuti atenthedwe, ndipo atsogoleri ena anawapereka. Pambuyo pace Caecilian anakhala bishopu wa Carthage, koma ambiri anamkana, nati mmodzi wa omdzoza anali wopereka mabuku. Mpingo wa kumpoto kwa Africa unang'ambika pakati kwa zaka zoposa 100, midzi yambiri nikhala ndi mabishopu awiri. Mu 411 kunacitika msonkhano ku Carthage, mbali iri yonse niibwera ndi mabishopu oposa 270, ndipo woweruza, Marcellinus, nduna ya mfumu ndi bwenzi la Augustine wa ku Hippo, anagamula kuti otsata Donatus ndiwo olakwa. Tsono zambiri zimene tidziwa za anthu awa tizimva kwa adani ao, makamaka Optatus ndi Augustine. Wophunzira amene angobwereza mau a Augustine, ngakhale Augustine ndi mphunzitsi wamkulu wa mipingo yathu yonse, wamva mboni za mbali imodzi. Ayenera kufunafuna mau a otsutsidwawo pamene atsala, m'zolembedwa za msonkhanowo ndi m'mbiri za ofera ao.

Ife a ku Zambia tidziwa kulemera kwa cimeneci. Mu 1964 kunali nkhondo ku Chinsali ndi ku Lundazi pakati pa boma ndi mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, ndipo anthu ambiri anafa. Amene afuna kulemba mbiri imeneyo ndi mapepala a boma okha, osamva ana a anthu amene anali m'midzi ya Lumpa, sanathe nchito. Ndiponso amene amva a Lumpa okha sanathe. Mwana amene waphunzira kumva otsata Donatus adzadziwa kumva mbali ziwiri pa bwalo la mpingo kwao.

Kawerengedwe ka malikisi

Mu sabata loyamba mphunzitsi apereka pepala lonena zonse: zowerenga za sabata liri lonse, tsiku lopereka cimangirizo, kutalika kwace, ndi magawidwe a malikisi. Pepala limeneli ndi pangano, ndipo ambiri alitaya m'thumba osaliwerenga. Magawidwe asiyana sukulu ndi sukulu, koma mwambo wace ndi wakuti gawo lina licokera pa nchito ya m'kati mwa caka, monga cimangirizo, mayeso ang'ono ndi kulankhula m'semina, ndipo gawo lina pa mayeso otsiriza. Tiyerekeze kuti nchito ya m'kati ndi 40, mayeso otsiriza 60, ndipo wokhoza ndi amene afika pa 50. Mwana amene anagona m'kati mwa caka napata 12 yekha ayenera kupata 38 pa 60 m'maora atatu a tsiku limodzi, pamene mnzace amene anapata 28 asowa 22 cabe. Cotero ambiri agwa kale mayeso asanafike, ndipo usiku wa kuwerenga kufikira tambala sungabweze cimene cinatayika m'miyezi itatu.

Pa University of Zambia zilembo ziyenda motere: A+ ndi A pamwamba, kenaka B+ ndi B, kenaka C+ ndi C, D+ ndi D ndiko kulephera. Kholo lisakwiye poona C. Tanthauzo lace ndi lakuti mwana anawerenga, nabweza molongosoka zimene anapatsidwa. B apatsa amene anasanja ganizo lace nalicirikiza ndi mboni. A ndi wa amene anaonanso pofooka pa ganizo lace, nachula mboni yomtsutsa, naiyankha. Za tsiku limene Polycarp wa ku Smyrna anatenthedwa, akatswiri ambiri anena 155 kapena 156, koma ena aliika pambuyo pace. Wophunzira wa A anena poyera kuti pali kusiyana kumeneku, nafotokoza cifukwa cace asankha mbali imodzi.

Cimo lalikulu la m'sukulu zimenezi ndi kuba mau a wina. Kutenga ndime ya m'buku kapena ya pa intaneti ndi kuilemba monga yako, osachula mwini, kulangidwa ndi kulandidwa malikisi onse, ndipo pena ndi kucotsedwa sukulu. Kuyambira mu 2022 kunabwera ChatGPT ndi makina ena otere amene alemba cimangirizo cosalala m'kanthawi kocepa, ndipo nthawi zina achula mabuku amene kulibe. Mwana amene apereka cotere akomana ndi bvuto m'semina, pakuti mphunzitsi akamfunsa kuti, Mau awa a Cyprian unawapeza m'kalata iti? alibe poyang'ana. Ndipo munthu wofuna kudzakhala mbusa kapena mphunzitsi akazolowera kunama pa pepala, mpingo udzamdalira bwanji ndi buku la zopereka?

Moyo wa m'komboni

Sikuti onse olephera ndi aulesi. Nyumba zogona za pa sukulu sizikwana, ndipo ambiri a pa University of Zambia acita lendi kacipinda mu Kalingalinga kapena mu Mtendere, anai kapena asanu m'cipinda cimodzi, pafupi ndi bala limene silitseka wailesi. Ena akhala kwa amalume ku Kanyama, ku Chawama, ku George kapena ku Matero, ndipo akwera basi kufika m'tauni ndi ina kucokera m'tauni. Ndalama ya basi ikatha, semina ya tsikulo yapita pamodzi ndi malikisi ace. M'dzinja madzi adzaza m'njira za Kanyama. Kuciyambi kwa 2024 kolera inacedwetsa kutsegula kwa masukulu, ndipo caka comweco madzi atacepa ku Kariba magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku. Wophunzira wokhala kwa abale ndiyenso atumidwa kutunga madzi, kulera ana ndi kukhala pa kantemba, pakuti abalewo aona munthu wongokhala ndi buku nayesa kuti alibe nchito.

Pa ici makolo ndi akulu a mpingo angathe kuthandiza koposa momwe aganizira. Polembera abale a m'tauni, awapemphe kuti mwana apatsidwe maora ena osatumidwa. Potuma ndalama za sukulu, akumbukire za basi ndi za kusindikiza mapepala, pakuti cimangirizo cocedwa cidulidwa malikisi. Ndipo mwana auzidwe kuti akadwala, kapena kukagwa maliro kumudzi, apite kwa mphunzitsi tsiku lopereka lisanafike, ndi kalata ya kucipatala ngati ilipo. Aphunzitsi ambiri amva munthu wobwera nthawi isanathe. Wobwera patapita masabata awiri apeza malikisi atalembedwa kale. Ana athu a kumudzi aopa kugogoda pa citseko ca munthu wamkulu, ndipo mantha amenewo, amene kwathu tiwacha ulemu, kumeneko awataitsa caka.

Kodi phunziro lotere silipha cikhulupiriro?

Funso ili ndalimva kwa akulu ambiri, ndipo si lopusa. Mwana abwera pa chuti nanena kuti mndandanda woyamba wodziwika wa mabuku 27 a Cipangano Catsopano, monga tiri nao lero, uli m'kalata ya Paskha ya Athanasius wa ku Alexandria ya mu 367; kapena kuti msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325 unaitanidwa ndi mfumu Constantine amene anali asanabatizidwe; agogo nagwira pakamwa. Zinthu izi ndi zoona, ndipo mpingo sunazibise. Alipo ana amene agwedezeka nazo kwa kanthawi, makamaka amene anaphunzitsidwa kuti kufunsa ndi kucimwa. Koma cilamulo ca Mose cinafuna mboni ziwiri kapena zitatu pa mlandu, ndipo Luka poyamba Uthenga wace anena kuti analondalonda zonse mosamala kwa iwo amene anaona ndi maso. Mwana wa m'semina acita nchito ya mtundu womwewo.

Apezanso zimene sizinanenedwe kwa agogo ace. Pa 17 July 180 Akristu a ku Scilli, amuna ndi akazi, anaweruzidwa kuphedwa ku Carthage, ndipo mmodzi wa iwo, Speratus, anali ndi makalata a Paulo m'bokosi lace. Mu 203 Perpetua, mai wa mwana woyamwa, ndi Felicitas, kapolo, anafera m'bwalo la zirombo mumzinda womwewo. M'zaka za m'ma 300 mfumu Ezana wa ku Aksum, m'dziko la Ethiopia, anaika mtanda pa ndalama zace. Zonsezi zinacitika mu Africa zaka zoposa 1,500 amishoni asanafike ku Magwero mu 1899.

Cotero mwana akabwera pa chuti, musangomfunsa cilembo. Mpempheni aturutse cimangirizo cace cimene mphunzitsi anabweza, muone mau ofiira a m'mphepete, ndipo iye awamasulire m'Cinyanja. Kenaka akulu a mpingo amkhazike pansi madzulo ena, awafotokozere mlandu wa Cyprian ndi akugwa, mbali zonse ziwiri, iwo namufunsa monga afunsira mboni pa bwalo.